Siling'i imene inathamangitsa mayi anu

Ana anga, Temwa ndi Wongani, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake nyumba yathu ya ku Chintheche ili ndi siling'i m'zipinda zonse kupatula kachipinda ka kumbuyo, komwe munthu akalowa masana amatuluka ngati wagwa m'madzi. Iwe Wongani unafika ponena kuti mwina mphamvu zinandithera, ndipo unalonjeza kubwera ndi amisiri ako kudzamalizitsa. Usayerekeze. Kachipinda kameneko kanali ndi siling'i yokongola kuposa zonse zimene ndinakhomapo pa moyo wanga, ndipo ndinaigwetsa ndekha ndi manja angawa, chifukwa inatsala pang'ono kundithetsera ukwati ndili ndi imvi kale. Kuti mumvetse, ndiyambire kumene ndinayamba udani ndi kutentha.

Chaka choyamba cha ntchito, ku Limphasa

Nditamaliza maphunziro a ukalipentala ndinalembedwa m'gulu lokonza nyumba za boma, ndipo ananditumiza ku Limphasa, komwe kunali nyumba za alangizi a ulimi wa mpunga. Kapitawo wathu anali a Kachingwe, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhulupirira kuti chilichonse chosowa kusitolo ya ntchito chimapezeka munthu ukayang'ana pansi. Ndipo zosowa zinalipodi. Misomali tinkawongola yakale pamwala. Penti tinkamusungunula mpaka kutsala dzina lokha. Mabolodi a siling'i ndiye tinkangomva kuti ku Lilongwe aliko.

Tsiku lina mkazi wa mlangizi wina anabwera atabereka mwana wolira, nati nyumba yawo yasanduka uvuni, ndipo ngati sitichitapo kanthu adzasamukira muofesi mwathu ndi ana ake onse. A Kachingwe ananditengera kuseri kwa chigayo cha mpunga, pomwe panali mulu wa mankhusu wotalika kuposa iwowo.

"Chirwa, ukuona chiyani apa?"

"Zinyalala, bwana."

"N'chifukwa chake udzafa ndi thukuta. Iyi ndi siling'i."

Tinakhoma mphasa kunsi kwa mitanda ya denga, n'kudzaza matumba ndi mankhusu osakaniza ndi laimu kuti makoswe ndi chiswe zisakhazikikemo, n'kuwayala pamwamba pa mphasazo. Kutentha kwa malata kunkafika pamankhusu n'kuthera pomwepo. Mayi uja anatibweretsera nkhuku yamoyo. Kuyambira tsiku limenelo ndinatembenuka mtima. Ena amalalikira za uchimo, ine ndinkalalikira za malata opanda siling'i, ndipo ndinalibe tsiku lopuma.

Chaka chomwecho agogo anu aamuna anabwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni n'kumanga nyumba ino. Ndinabwera kudzaiona nzeru zikusefukira. Kutsogolo kunali bwinobwino, koma kumbuyo denga linatsika kwambiri moti nditakweza dzanja ndinakhudza malata, ndipo anandiwotcha.

"Ada, denga la kumbuyoli mwalitsitsa mopitirira. Muphikamo anthu muno."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Wayamba ntchito liti?"

"Chaka chino."

"Eya," anatero, n'kupitiriza kusoka ukonde wawo. Ine ndinachoka nditagamula mumtima kuti bambo anga ankadziwa mgodi ndi nyanja, koma nyumba ayi. Chigamulo chimenecho ndinachisunga bwino, ndipo ndinauzako anthu ambiri.

Zaka za ku Nsanje ndi ku Dedza

Nditakwatira mayi anu, NyaManda, iwo anatsala kuno ndi makolo anga chifukwa nyumba zimene ankatipatsa ife antchito wamba zinali za chipinda chimodzi, komanso munda wa chinangwa unkafuna manja. Ine tchuthi ndinkapatsidwa m'chilimwe basi. Nthawi ya mvula madenga a boma amadontha onse pamodzi ngati apangana, ndipo kalipentala wopempha tchuthi mu Januwale amamuseka. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa ndi yokhayo imene ndili nayo yodzitetezera: ndinakalamba ndisanakhalepo m'nyumba ino dzinja lathunthu.

Ku Nsanje ndi kumene ndinatchuka. Kunali bwana wina wa ofesi amene anali ndi mafani mbali zonse koma ankatuluka thukuta mpaka mapepala kumamatira m'mikono. Magetsi akazima ankasamutsira tebulo pansi pa mtengo. Ine ndinapaka denga lake penti woyera kuti dzuwa lizibwerera komwe lachokera, ndinaboola mabowo a mpweya pamwamba pa makoma, n'kuyala matumba anga pasiling'i. Patangopita masiku ochepa bwanayo anabwera kuntchito atavala jekete. Jekete, ku Nsanje! Nkhani imeneyi mukuidziwa, chifukwa ndikangoiyamba inu nonse awiri munkakumbukira kuti mbuzi sizinatsekeredwe.

Ku Dedza vuto linali lina, kuzizira. Kumeneko tinkagwiritsa ntchito utuchi wa kumacheka, ndipo ndinaona kuti chomwe chimaletsa kutentha kulowa ndi chomwecho chimaletsa kufunda kutuluka, moti anthu anachepetsa makala a m'mbaula. Kumeneko ndi kumenenso ndinakhoma benchi langa la ukalipentala, la matabwa a mlombwa okhuthala amene mnzanga wina wocheka matabwa anandipatsa nditamukonzera denga. Paliponse pamene ankandisamutsira, benchi linkakwera lole poyamba, ine pambuyo. Mayi anu ankati, "Benchi lazungulira Malawi yense, ine ndinangoona Chintheche." Ndinkaseka, ndipo iwo sankaseka kwenikweni.

Juni, chaka chopuma ntchito

Ndinafika kuno ndi benchi langa makolo anga onse awiri atapita kale. Nyumba inali yolimba koma yokalamba, ndipo ndinkadziwa chimene Okutobala adzatichite. Fani yomwe Temwa unatigulira inkazungulira tsiku lonse kumangotakasa mpweya wotentha, mayunitsi a magetsi n'kumatha ngati akudontha. Zinkandipweteka kuti munthu amene ndinaveka bwana jekete ku Nsanje ndizikhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga ngati mlendo. Ndinawakhazika pansi mayi anu n'kuwalongosolera dongosolo lonse: mankhusu ochokera ku Limphasa, penti woyera padenga, mabowo a mpweya, siling'i chipinda chilichonse.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa. "Konzani monsemo, Ada Chirwa. Koma kachipinda ka kumbuyo musakakhudze."

"Kameneko ndiye koyamba. Ndi komwe kutentha konse kumalowera."

"Ndati musakakhudze. M'mene muja muli..."

"NyaManda, taimani kaye. Ku Nsanje kunali bwana wina."

Ananyamula beseni lawo n'kupita kumadzi. Ine ndinaganiza kuti ndi zija za akazi a kwathu, zoopa kusintha chimene apongozi anasiya. Ndinati ndingodikira mpata.

Okutobala, chaka chomwecho

Mpata unapezeka pamene amayi a mpingo anali ndi msonkhano wogonera ku Bandawe. Zipinda zina ndinali nditamaliza kale. Mayi anu atangokwera galimoto, ine ndinalowa m'kachipinda kaja ndi makwerero. Pansi penipeni pa malata panali matabwa akale oyalidwa mopingasa kuchokera kukhoma kufika kukhoma, okhuthala, opindika pang'ono, opanda chilichonse pamwamba. Ndinapititsapo chala, ndipo chinabwera choyera. M'ming'alu monse munali fumbi loyera losalala. Kalipentala aliyense amadziwa tanthauzo la fumbi lotero: matabwa afumbwa, tizilombo tadya mkati, ndipo ukawasiya timafalikira denga lonse. Ndinagwedeza mutu pomvera chisoni bambo anga, amene ngakhale thabwa labwino sankalidziwa. Ndinawatsitsa onse n'kuwatentha kuseri kwa nyumba. Anavuta kuyaka, ndipo ndikukumbukira kuti ndinadabwa kuti matabwa ofumbwa akulemera chonchi, koma munthu wodziwa zinthu sachedwa ndi kudabwa.

Siling'i ya m'menemo ndinaikhoma ndi mtima wonse, chifukwa ndinkakonza cholakwa chimene ndinachiona ndili mnyamata. Mizere yake inali yowongoka ngati yojambula. Mayi anu atabwera ndinawatsogolera ngati nduna yodzatsegulira mlatho. Analowa, anayang'ana kumwamba, kenako ananditembenukira.

"Matabwa aja ali kuti?"

"Ndatentha. Anafumbwa onse."

"Anafumbwa."

"Ufa wokhawokha, ndikukuuzani."

"Eya," anatero pang'onopang'ono. "Ufa wokhawokha." Anatuluka kupita kukhitchini, ndipo ine ndinaona ngati kukongola kwa ntchito kwawatseka pakamwa.

Kunena zoona nyumba inazizira. Anthu ankabwera kudzaima pabalaza masana n'kumayang'ana kumwamba kufunafuna makina. Fani tinaiphimba ndi kansalu, nayonso inapuma ntchito. Che Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi amene ali ndi sitolo ya misomali ndi penti pamsika, anayamba kunditumizira anthu oti ndiwalangize. Miyezi imeneyo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Febuluwale, chaka chotsatira

Mvula ya kuno mukuidziwa, siodira. Dzuwa limatuluka lowala bwino, mkazi n'kuyanika chinangwa chake choviika pathandala, asanafike n'kukhomo komwe mvula yagwa kale. N'chifukwa chake m'dzinja ufa wa kondowole umada m'makomo ambiri, umachita chuku n'kumanunkha. Koma ufa wa mayi anu unkadziwika mudzi wonse kuti umayera ngakhale mvula igwe mwezi wathunthu, ndipo mpingo ukalandira alendo nyengo imeneyi, ufa unkachokera kwa NyaManda popanda kukambirana. Ndinkamva amayi akuwayamikira, ine n'kumati ndi manja abwino basi. Mwamuna wa kuno safunsa za ufa. Amangosamba m'manja.

Chaka chimenecho alendo a mpingo ankabwera kuchokera kutali, ndipo mayi anu anaviika chinangwa chambiri. Ndinawaona akuthamanga ndi mphasa, kutulutsa, kulowetsa, kutulutsanso, munthu wa mawondo opweteka. Kenako anayala chinangwa pabalaza, m'chipinda chogona, mpaka pansi pa tebulo. Koma nyumba yanga inali yozizira monga ndinaikonzera, ndipo palibe chinauma. Ndinawalangiza kuti tivundukule fani. Diso limene anandiponyera sindinalionepo ngakhale kwa a Kachingwe.

Lamlungu alendo anadya. Nsima inali yotuwa ngati phulusa, ndipo mbusa wachilendo ankameza mbamu iliyonse ngati munthu womwa mankhwala owawa pamaso pa namwino. Mayi wina, amene sindimutchula chifukwa akadali moyo ndipo timapemphera limodzi, ananena mokweza kuti aliyense amve, "Ukalamba ulibe chisoni. NyaManda nayenso manja atha." Mayi anu anali ataima pomwepo ndi jagi ya madzi. M'mawa mwake anamanga kachikwama, nati akupita ku Kande kwa mng'ono wawo kukayanika chinangwa.

"Ku Kande mvula sikugwa?" ndinafunsa.

"Ikugwa. Koma kulibe akatswiri."

Sabata inatha, ina inatsatira. Ndinakhala ndekha m'nyumba yozizira bwino, ndikuphika zinthu zimene ngakhale galu wathu ankazinunkhiza n'kuyang'ana kumbali. Kutchalitchi akulu a mpingo anayamba kundipatsa moni wautali wogwira ndi manja awiri. Ndikuuzani zoona, ana anga, ndinachita mantha. Zaka zonse zija ndinali ine wochoka, ndipo sindinkadziwa kuti wotsala amamva bwanji akamayang'ana kumsewu. Ndinapita kwa Che Yusufu ngati wofuna misomali.

"Ada Chirwa, misomali munagula, penti munagula, laimu munagula. Lero mukufuna chiyani? Mankhwala obwezera mkazi sindigulitsa."

"Apita kukayanika chinangwa basi."

"Chinangwa chimenecho chauma mpaka chaphuka. Mwawalakwira chiyani amayi?"

"Palibe. Ndawakonzera nyumba."

"Ndiye kafunseni nyumbayo ikuphikireni. Bwana wanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Minibasi ya ku Kande ndi iyo ikuitanira apo."

Malichi, ku Kande

Ndinawapeza masana atakhala pakhonde la mng'ono wawo akusankha usipa. Mlamu wanga anandipatsa mpando wolendewera mwendo umodzi, ndikukhulupirira mwadala, n'kulowa m'nyumba koma osapita patali ndi zenera.

"NyaManda, ndabwera kudzakutengani."

"Mwabwera kudzanditenga kapena mwabwera kudzafunsa?"

"Ndabwera kudzafunsa."

Anapukuta m'manja pachitenje. "Ufa umene munaupeza pamatabwa aja, munaulawa?"

"Munthu amalawa fumbi la tizilombo?"

"Kalipentala wamkulu wa boma. Unali ufa, Ada Chirwa. Ufa wa kondowole. Ama, apongozi anga, ndiwo anapempha Ada, bambo anu, kuti denga la kumbuyo alitsitse ndipo asaikemo siling'i. Dzuwa likangotuluka pang'ono, malata aja amatentha msanga, chinangwa chili pamatabwa chimauma, mvula ikagwa sichinyowa. Matabwawo Ada anacheka kubwato lawo lakale. Ama atadwala anandiitana n'kundiuza kuti nyumbayi ndi ya mwamuna wako, koma matabwawa ndi ako. Inu mwawatentha ngati udzu."

Mpando uja unandipendeketsa, ndipo ndinaulola. Ndinakumbukira bambo anga akusoka ukonde, ndi "eya" wawo uja.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani. Munanditengera ku Nsanje. Ndipo pambuyo pake ndinati ndikakuuzani, mawa lake zikamveka pabawo, amayi onse a mpingo atsitsa madenga."

Ndinayesa kudzipulumutsa ndi luso. Ndinati ndiwamangira kashedi ka malata panja, kabwino kuposa kakale, ka mashelefu.

"Panja? Kuti mbuzi zizidya ndi aliyense wodutsa aziona? Ndikufuna kachipinda kanga momwe kanalili. Ndiponso musandiikire matabwa a masiku ano onunkha mankhwala, fungo limalowa mu ufa. Ndikufuna mtengo wakale wouma, wolimba. Mukapeza mudzanditenge. Mukalephera, nyumba yanu ndi yozizira, simuvunda msanga."

Kuzenera kunamveka munthu akutsokomola moseka.

M'minibasi yobwerera ndinawerengera m'mutu matabwa onse amene ndinkawadziwa m'dera lino. Mlombwa wakale wouma sugulidwa pamsika masiku ano. Ndinayesa kuganiza za zitseko, za bedi, ngakhale za mabenchi a kutchalitchi, Mulungu andikhululukire. Koma ndinkadziwa kuyambira pakhonde paja kuti matabwa otero anali pamalo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mango, ataphimbidwa ndi lona. Pa ntchito yanga yonse ndinagamulapo zinthu zovuta, koma palibe chinandiwawa ngati chimenechi. Benchi limenelo linali ndi chipsera cha ntchito iliyonse imene ndinagwira. Ndinakhala pambali pake madzulo onse ndikulisisita ngati ng'ombe yoti igulitsidwe.

M'mawa mwake ndinayamba ndi siling'i. Ndinazula misomali imene ndinaikhoma monyadira, mankhusu n'kundikhuthukira m'mutu ndi m'malaya. Khoma la pakati ndinalikweza mpaka kumalata, chitseko n'kuchimata m'mbali, kuti kutentha kukhale kwawo ndipo kuzizira kukhale kwathu. Kenako ndinakwera padenga kukapala penti woyera wa mbali imeneyo. Pamenepo ndiye panalibe pobisala. Anthu omwe aja ankabwera kudzandifunsa nzeru ankaima pamsewu.

"Ada Chirwa! Dzana mumapaka, lero mukupala. Ndi nzeru ya ku Nsanje imeneyonso?"

"Ndikuyesa kafukufuku," ndinkayankha, osayang'ana pansi.

Benchi ndinaliphwasula pomaliza. Ndinapala matabwa ake mpaka kuyera, n'kuwayala pansi pa malata kuchokera kukhoma kufika kukhoma.

Mayi anu ndinakawatenga tsiku lotsatira, ndipo tinafika dzuwa lili pamutu, mitambo ikusonkhana kale kumapiri. Sanakhale pansi. Anapita molunjika kukachipinda kaja, nakweza dzanja pafupi ndi malata, n'kulibweza msanga. Thukuta linayamba kuwatsika pamphumi, ndipo nkhope yawo inamasuka koyamba chichokereni Okutobala. Kenako anasisita thabwa limodzi, chala chawo n'kuima pabowo pomwe pankakhala chopanira changa.

"Ili ndi benchi."

"Eya."

Ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ngakhale mpaka lero amati linali thukuta.

"Lazungulira Malawi yense," anatero, "lero lapeza ntchito."

Atatero anapita kuchipinda chogona, chozizira bwino chija, nagona tulo tamasana mpaka nkhuku kulowa. Mawu oti yewu, kuthokoza siling'i ya m'zipinda zinazo, sindinawamvepo. Koma amayi a mpingo akabwera kudzacheza amawakhazika pabalaza, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akuti, "Za mankhusuzi ndinawauza ndine, amuna paokha sangaganize." Chitseko cha kumbuyo amachikhoma ndi loko, kiyi ali pachingwe m'khosi. Dzinja lotsatira ufa unayeranso, ndipo mayi wa mawu aja anadya mbamu zambiri osakweza mutu.

Temwa, nkhani ino usawawerengere anthu a kutchalitchi, mayi ako andiloleza kuilemba pa pangano limenelo. Ndipo iwe Wongani, ndikudziwa kuti udzabwerabe ndi amisiri ako, chifukwa magazi ndi omwewo. Udzalowa m'kachipindamo, udzakweza dzanja, malata adzakuwotcha, ndipo udzatembenuka kuti undilongosolere chimene chinalakwika. Ine ndidzakhala pampando wanga, ndipo ndidzakufunsa funso limodzi lokha: wayamba ntchito liti?